Khomo Lomwe Latsegulidwa ndi Okonda Masewera

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 10. Tsikulo lidadutsa mwakachetechete kuno kwathu, pakuti palibe kompyuta yomwe idazima kapena kufuka utsi. Mphunzitsi adayatsa makina ake m'mawa mwake nataipa mayeso a Fomu 2 monga mwa nthawi zonse. Chomwe chidasintha n'chakuti kuyambira tsikulo ming'alu yomwe mbava za pa intaneti zimapeza mu Windows 10 sikumatidwanso, kupatula kwa okhawo amene adalembetsa m'ndondomeko yapadera yomwe kampaniyo idalengeza kuti idzathandiza anthu wamba kufikira mu Okutobala 2026. Nyumba ikadali chiimire, koma mmisiri wofolera denga wasamuka m'mudzi.

Wina afunsa kuti, nanga osangoikamo Windows 11 bwanji? Apa mpamene pagona nkhani. Windows 11, yomwe idatuluka m'chaka cha 2021, imakana makina ambiri akale. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo kumbali ya Intel imafuna purosesa ya m'badwo wa nambala 8 kapena yoposerapo, kutanthauza zopangidwa kuyambira cha m'ma 2017. Kumapeto kwa 2023 bungwe lofufuza za malonda la Canalys lidayerekeza kuti makompyuta okwana pafupifupi 240 miliyoni akhoza kusanduka zinyalala chifukwa cha zimenezi. Owerenga athu akudziwa bwino kumene kaunjika wa maiko olemera amathera. Makina amene maofesi a ku London ndi ku Johannesburg akuchotsa ndi omwewo amene mudzawaona m'masitolo a ku Limbe ndi ku Area 2, atapukutidwa bwino, ndiponso m'zipinda za makompyuta za sukulu zathu, atamatidwa chikalata cha mphatso.

Tsono makina osiyidwawa ali nako kolowera? Dzina lomwe likumveka kwambiri poyankha funsoli ndi lakuti Linux. Chodabwitsa n'chakuti amene alikweza dzinali m'zaka zaposachedwapa ndi anthu okonda masewera a pakompyuta, aja ana athu amati magemu, chinthu chomwe ife aphunzitsi timalandira nacho ana mafoni m'kalasi.

Kwa amene sadaphunzire za makompyuta, ndifotokoze pang'ono. Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yomwe imagwira ntchito ngati kapitawo pa esiteti. Imagawa ntchito kwa purosesa, imasunga mafayilo, imamvera kiyibodi ndipo imalamula zomwe zioneke pa sikirini. Windows ndi kapitawo mmodzi, macOS ya Apple ndi wina, Linux ndi winanso. Kusiyana kwake n'kwakuti Windows ili ndi mwini wake amene amabisa kalembedwe kake ndi kugulitsa laisensi, pomwe kalembedwe ka Linux kali poyera, ndipo aliyense ali ndi ufulu wokawerenga, kukasintha ndi kugawira anzake popanda kulipira. Maganizo amenewa adayamba ndi Richard Stallman wa ku Amereka, yemwe mu 1983 adalengeza ntchito yotchedwa GNU. Mu Ogasiti 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adauza anzake kuti akulemba mtima wa pulogalamu yotere mongotayitsa nthawi. Mu 1992 adauika pansi pa laisensi ya GPL, yomwe imalamula kuti aliyense wosintha pulogalamuyo n'kuigawa aonetsenso poyera zomwe wasintha. Lamulo limeneli mulisunge, tilipezanso kutsogoloku.

Zotayitsa nthawi za mnyamata uja zidakula mpaka kugwira dziko. Kuyambira mu Novembala 2017 makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri pa dziko lapansi amayendera Linux. Foni ya Android yomwe ili m'thumba mwanu ili ndi Linux m'kati mwake. Makina ambiri osunga masamba a pa intaneti nawonso ndi a Linux. Malo amodzi okha ndiwo adakanika, ndipo ndi pa desiki ya munthu wamba. Kwa zaka zoposa makumi awiri okonda Linux akhala akulosera kuti chaka chamawa ndicho chaka chawo, mpaka mawuwo adasanduka nthabwala pakati pa iwo eni.

Sikuti panalibe oyesa. Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatulutsa Ubuntu mu Okutobala 2004, dzina lomwe ife timalimva msanga pakuti ndi umunthu womwewo, ndipo kwa zaka zingapo ankatumiza ma CD aulere pa positi kwa aliyense wopempha, kulikonse padziko. Mzinda wa Munich ku Germany udagamula mu 2003 kuti maofesi ake asamukire ku Linux, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 adali atasamuka. Koma mu 2017 makhansala a mzinda womwewo adavota kuti abwerere ku Windows. Munthu wamba naye ankati akayesa Linux, pulinta ikana, kamera ikana, pulogalamu yomwe adaizolowera palibe, basi n'kubwerera kwa kapitawo wake wakale.

Pakati pa zopinga zonsezi, masewera adali chopinga chachikulu kwa achinyamata, amene kawirikawiri ndiwo amayamba kuyesa zinthu zatsopano m'banja. Opanga masewera ankalembera Windows yokha, pogwiritsa ntchito zida za Microsoft zotchedwa DirectX. Iwo ankati sangalembere Linux chifukwa kulibe ogula, ndipo ogula ankati sangapite ku Linux chifukwa kulibe masewera. Kampani ina ya ku California, Loki Software, idayamba mu 1998 ntchito yosamutsira masewera a Windows ku Linux, koma idagwa ndi ngongole mu 2001 nitseka kumayambiriro kwa 2002. Panalinso gulu la anthu odzipereka lomwe kuyambira mu 1993 lakhala likulemba pulogalamu yotchedwa Wine, yolola mapulogalamu a Windows kuyenda pa Linux. Kukula kwa ntchitoyo mukuone apa: padapita zaka 15 kuti Wine 1.0 ituluke, mu 2008.

Zinthu zidatembenuka chifukwa cha mantha a munthu wa malonda. Gabe Newell, yemwe adagwirapo ntchito ku Microsoft zaka 13, adakhazikitsa kampani ya Valve mu 1996, ndipo mu 2003 kampaniyo idatsegula Steam, msika wa pa intaneti wogulitsira masewera. Pa masewera ambiri ogulitsidwa pamsikapo Valve imatapa 30 pa 100 ya mtengo. Ndi chuma chochuluka zedi, koma msika wonsewo udamangidwa pa malo a eni, ndiye Windows. Mu 2012 Microsoft ikukonza Windows 8, yomwe idabwera ndi sitolo yakeyake ya mapulogalamu, Newell adanena poyera kuti Windows 8 ndi tsoka kwa onse a malonda a makompyuta. Iye adaona kuti mwini malo akhoza tsiku lina kutseka chipata n'kunena kuti malonda onse azidzera pa sitolo yake. Wobwereka munda akamva kuti mwini wake wayamba kuyendera malire, amayamba kufunafuna tsala lina.

Tsala limenelo lidali Linux. Mu Febuluwale 2013 Steam idayamba kuyenda pa Linux. Mu Novembala 2015 padatuluka makina otchedwa Steam Machine, opangidwa ndi makampani osiyanasiyana ndipo oyendera Linux ya Valve yotchedwa SteamOS. Adalephera momvetsa chisoni. Masewera adali ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo ankayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi pa Windows. Valve idaphunzirapo kuti kupempha opanga masewera kuti alembe kawiri, kamodzi kulembera Windows kenaka kulembera Linux, n'kutaya nthawi.

Njira yomwe adatenga pambuyo pake ndiyo yofunika kuimvetsa. Masewera akamayenda amakhala akupempha zinthu kwa kapitawo: ndijambulire chithunzi ichi, ndiimbire mawu awa, nditsegulire fayilo iyi. Masewera a Windows amapempha m'chiyankhulo cha Windows. Wine imaima pakati ngati womasulira m'bwalo la milandu. Imamva pempholo, kulitembenuzira m'chiyankhulo cha Linux, kenaka kubweza yankho m'chiyankhulo cha Windows, kotero kuti masewerawo sadziwa n'komwe kuti ali kwa eni. Vuto lidali pa zithunzi, pakuti masewera amakono amajambula zithunzi 60 pa sekondi iliyonse, ndipo womasulira wachibwibwi sangakwanitse liwiro lotere. Mu 2016 padatuluka Vulkan, njira yatsopano yoyankhulira ndi chipangizo chojambula zithunzi, yomwe siili m'manja mwa kampani imodzi. Posakhalitsa mnyamata wina wa ku Germany, Philip Rebohle, pofunitsitsa kusewera masewera a ku Japan otchedwa Nier: Automata pa Linux, adayamba kulemba DXVK, pulogalamu yomasulira DirectX kupita ku Vulkan mwaliwiro. Valve idaona ntchito yake niyamba kumulipira. Idagwirizananso ndi CodeWeavers, kampani ya ku Minnesota yomwe idakhala ikusamalira Wine kwa zaka zambiri. Pa 21 Ogasiti 2018 zonsezi adazimanga mtolo umodzi nazitcha Proton. Tsiku loyambalo masewera ovomerezedwa adali 27 okha. Lero ndi zikwizikwi, ndipo wosewera amangodina batani monga achitira pa Windows.

Kenaka mu Febuluwale 2022 padabwera Steam Deck, kakompyuta kogwira m'manja, ka mtengo woyambira pa madola 399. Anthu miyandamiyanda adakagula osadziwa kapena osasamala kuti m'kati mwake muli Linux. Ena atadina batani lina adapeza kuti kamakinako kasanduka kompyuta ya pa desiki yathunthu, yomwe mungalemberepo kalata ndi kutsegulirapo intaneti, nayamba kudzifunsa kuti, ngati izi zikutheka apa, bwanji pa kompyuta yanga yaikulu? Mu 2025 kampani ya Lenovo idatulutsa makina ofanana nawo, Legion Go S, m'mitundu iwiri, wina wa Windows wina wa SteamOS. Atolankhani a za makina atayesa masewera amodzimodzi pa makina amodzimodzi adapeza kuti ambiri amathamanga bwino pa SteamOS. Taganizani, masewera olembedwera Windows kuthamanga bwino kudzera mwa womasulira kusiyana ndi kwawo komwe!

Koma tisatengeke ndi chisangalalo cha okonda Linux, pakuti iwo akayamba kuyamikira chinthu chawo sasiyana ndi alaliki a m'basi. Tione ziwerengero. Mwezi uliwonse Valve imafufuza makina a ogula ake. Kwa zaka zambiri Linux inkapezeka pa makina osakwana 1 pa 100 alionse. Mu Julaye 2023 idapitirira macOS, ndipo mu Okutobala 2025, mwezi womwe Windows 10 idasiyidwa, idafika pa 3 pa 100 kwa nthawi yoyamba. Kukwera kuchoka pa 1 kufika pa 3 m'zaka zinayi ndi nkhani yaikulu kwa amene adadikira kuyambira masiku a Loki. Komabe mwezi womwewo pafupifupi 95 pa 100 adali pa Windows, ndipo gawo lalikulu ndithu la atatu aja ndi eni Steam Deck, amene sadasankhe Linux koma adangogula choseweretsa.

Palinso khoma lomwe womasulira sangathe kulidumpha. M'masewera omwe anthu amapikisana pa intaneti muli achinyengo, ogwiritsa ntchito mapulogalamu owathandiza kuona kuseri kwa khoma kapena kuwombera mosaphonya. Pofuna kuwagwira, makampani amaika mlonda m'kati mwenimweni mwa Windows, pamalo pomwe angathe kuona chilichonse chochitika m'kompyuta. Pa Linux mwini kompyuta ali ndi ufulu wosintha mtima wa makina ake, choncho akhoza kumunamiza mlondayo. Ufulu womwe Stallman adaumenyera ndi womwewo umene makampani akuuopa. Fortnite siiyenda pa Linux, Valorant chimodzimodzi. Pa 31 Okutobala 2024 eni Apex Legends adatsekera kunja osewera onse a pa Linux, omwe kufikira tsikulo ankasewera bwinobwino, ena ataononga kale ndalama zawo m'masewerawo. Ndipo chomwe chikhudze kwambiri anyamata a kuno kwathu ndi mpira. Masewera aja amadzaza tizipinda ta magemu m'matauni mwathu, omwe ankatchedwa FIFA ndipo kuyambira 2023 amatchedwa EA Sports FC, adaikidwa mlonda wotereyu mu 2022, ndipo kuyambira pamenepo atsopano ake sayenda pa Linux. Mnyamata wa Fomu 4 amene mwamunyengerera kuti achotse Windows, akadzapeza kuti sangathe kusewera mpira, adzakutembererani pamodzi ndi Torvalds yemwe.

Ine ndimaona kuti mbali ziwirizi zili ndi mfundo zomveka. Wochita mpikisano ayenera kuteteza mpikisano wake. Koma kulola kampani yakunja kuika mlonda wosaoneka m'chipinda chogona cha kompyuta yanu, momwe muli makalata, zithunzi ndi za kubanki, chifukwa cha masewera, ndi mtengo womwe anthu ambiri amalipira osauwerenga.

Chinthu china chomwe okonda Linux sakonda kuchimva n'chakuti chipambano chawochi chabwera potsanzira Windows. Popeza Proton ikugwira bwino ntchito, opanga masewera alibenso chifukwa cholembera Linux mwachindunji. Amalembera Windows, n'kungoyesa ngati zikuyenda pa Steam Deck. Kotero Microsoft ndiyo ikadali kulemba malamulo a chiyankhulo, ndipo omasulira amangothamangira pambuyo. Onjezani apo kuti ntchito yaikulu ikulipiridwa ndi kampani imodzi, yomwe siigulitsa masheya pa msika, ndipo siiyankha kwa wina aliyense koma eni ake. Steam yeniyeniyo kalembedwe kake n'kobisika ngati ka Windows, ndipo masewera omwe mumagula pamenepo mumangopatsidwa chilolezo chosewera. Stallman adachenjeza za zimenezi mu 2012, ngakhale adavomereza kuti munthu amene watsimikiza kusewera masewera otere kuli bwino awasewere pa Linux kusiyana ndi pa Windows. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ife zikutikhudza bwanji, ife amene Steam Deck timangoiona pa zithunzi? Kunena zoona, masewera amakono si a thumba lathu. Ena amaposa ma gigabyte 100, ndipo aliyense amene amagula bandulo ya intaneti akudziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Amagulidwa ndi madola kudzera pa khadi ya kubanki. Ndiponso DXVK imafuna chipangizo cha zithunzi chodziwa Vulkan, chomwe makina akale kwambiri alibe. Phindu lathu lili pena, ndipo apa tikumbuke lamulo la laisensi lija. Valve ikalipira katswiri kuti akonze Wine, kapena madilaiva a zithunzi a AMD, kapena KDE Plasma yomwe ndi nkhope ya desiki ya Steam Deck, zokonzedwazo zimalowa m'nkhokwe ya onse. Kampaniyo ikadzasintha maganizo mawa singabwere kudzatapa zomwe idathira kale. Chachiwiri, anthu akachuluka pa Linux opanga zida amayamba kuchita manyazi. Mu 2012 Torvalds adanyoza kampani ya Nvidia pamaso pa ophunzira ku Finland chifukwa chokana kuthandiza Linux. Mu Meyi 2022 Nvidia idaika poyera mbali ina ya madilaiva ake. Zifukwa zake zidali zingapo, ndipo malonda a makina akuluakulu ndiwo adali patsogolo, koma wa pa desiki naye adapindula. Chachitatu, wosewera akakumana ndi vuto sagona. Amafufuza usiku wonse, n'kulemba yankho poyera, ndipo mphunzitsi wa ku Ntchisi amene wakumana ndi vuto lomwelo chaka chotsatira amalipeza lili chilembedwere.

Izi ndikunena ndidaziona ndekha. Laputopu yanga ndidaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wogulitsa adandilumbirira kuti Windows yake ndi yeniyeni. Patapita miyezi ingapo uthenga udayamba kuoneka pakona ya sikirini wonena kuti laisensi njosavomerezeka. Windows 11 nayo idaikana chifukwa cha purosesa. Pa holide ndidapempha mnzanga wa mutauni kuti andiikire Linux Mint pa fulashi, ndidasunga mafayilo anga pena, n'kufafaniza zonse. Ntchito yoikayo sidakwane ola limodzi. Makina omwe ankatenga nthawi yoti n'kuwiritsa tiyi asanayake adayamba kuyaka msanga. Pulinta ya kusukulu, yomwe ndinkaiopa, idagwira ntchito ndisanaike chilichonse. Koma Wi-Fi idakana. Ndidakhala madzulo atatu ndikulimbana nayo, foni nditailumikiza ndi chingwe kuti ndipeze intaneti, bandulo ikutha ngati mchere m'madzi. Yankho ndidalipeza m'zolemba za munthu wina wosadziwika amene ankafuna kusewera masewera a nkhondo pa laputopu ya mtundu womwewo. Vuto lomwe silidathe mpaka lero ndi la mapepala a mayeso. Ndikalemba mu LibreOffice n'kutumiza kwa mkulu wa dipatimenti amene amatsegula mu Word, nthawi zina matebulo amasuntha ndipo funso la nambala 5 limagawika pamasamba awiri. Tsopano ndimatumiza ngati PDF, koma iye amadandaula kuti sangathe kukonzamo.

Kwa aphunzitsi anzanga oyang'anira zipinda za makompyuta, maganizo anga ndi awa. Musafafanize makina onse tsiku limodzi chifukwa choti mwawerenga nkhani ino. Mabuku ambiri omwe ana akuphunzirira amaonetsa zithunzi za Windows ndi Word, ndipo maofesi omwe akafunsireko ntchito amagwiritsa zomwezo. Koma kusiya makina a Windows 10 olumikizidwa ku intaneti, ana akulowetsamo mafulashi ochokera kulikonse, nako n'kuika nkhuku m'khola lopanda chitseko. Tengani makina awiri kapena atatu mwa aja adaunjikidwa pakona chifukwa chochedwa, muikemo Linux, muwapereke kwa ana aja mumawagwira akusewera magemu nthawi ya phunziro. Auzeni kuti akaikamo okha masewera aulere monga SuperTuxKart kapena 0 A.D., adzaloledwa kusewera Lachisanu masana. Mwana wofuna kusewera adzaphunzira kugawa disiki, kuika dilaiva ndi kuwerenga uthenga wa cholakwika mwachangu kuposa mmene silabasi ingamuphunzitsire m'teremu yathunthu, ndipo wotsiriza sukulu wodziwa zimenezi ali ndi luso lomwe makampani a mafoni ndi mabanki amalifuna, pakuti makina ambiri a kuseri kwa maofesi otere amayendera Linux.

Mu Novembala 2025 Valve idalengeza kuti ibweretsanso Steam Machine, zaka khumi chitulukireni yoyamba ija, ulendo uno yopanga yokha ndipo yodalira Proton. Ku Germany nako dera la Schleswig-Holstein lidalengeza mu Epulo 2024 kuti makompyuta a boma okwana 30,000 achoka ku Microsoft Office kupita ku LibreOffice, kenaka ku Linux. M'gawo lotsatira tidzaona chomwe chidagwetsa ntchito ya ku Munich, ndi zomwe a ku Schleswig-Holstein akuchita mosiyana ndi anzawowo.